Nyali zondondozana kumwamba kwa Area 25: zomwe tinakambirana pa gulu la aneba

LACHIWIRI MADZULO

Mayi a Tadala, 18:41
Aneba tulukani panja msanga, muyang'ane kumwamba mbali ya ku Kanengo. Kuli nyali zandondozana ngati mikanda, zikuyenda phee, phokoso ayi. Ana awerenga afika 19. Ine manja akunjenjemera, ndiwo ndazisiya pa mbaula.

Kabaza wa pa Nsungwi, 18:43
Ndaziona ndili pa siteji amayi. Kasitomala wanga watsika njinga ili mkati moyenda, akuti akukatsekera ana m'nyumba. Ndalama yanga yapita nayenso 😂

A Dikoni, 18:45
Tiyeni tizipemphera abale. Zizindikiro za kumwamba zinanenedwa kale.

Wowotcherera, 18:46
Afiti atukuka. Lichero analisiya, pano akuyenda pa mdipiti ngati abwana.

Adimini, 18:47
Akulu, za ufiti pa gulu pano tinakana. Mawa wina azilozedwa chala pa mjigo.

Aphunzitsi a Fizikisi, 18:58
Mitima pansi aneba. Amenewo ndi masetilaiti a Starlink, a intaneti ija ya timbale toyera tomwe tayamba kuoneka pa madenga a anzathu ku 47 ndi ku 43. Roketi imodzi imanyamula oposa 20, ndiye masiku oyamba ikangowatula amayenda mothithikana ngati anapiye, kenako amabalalika n'kukwera mpaka makilomita pafupifupi 500. Nyali alibe. Kuno dzuwa lalowa koma kumtunda kumeneko likadawomba, ndiye chomwe tikuona n'kunyezimira basi. Lero zaoneka bwino chifukwa magetsi kulibe. Mayi a Tadala bwererani ku ndiwo zisapserere.

Mayi a Tadala, 19:02
Zapserera kale aphunzitsi. Bonya wa mawa yemwe.

Kabaza wa pa Nsungwi, 19:10
Aphunzitsi, poti mwayamba, malizani. Pa TikTok pakuyenda kanema, akuti Amereka ali ndi ndege yachinsinsi yopanda munthu yomwe imakhala kumwamba zaka ziwiri osatera. Ine ndimati ndi bodza la anyamata ofuna ma like.

Aphunzitsi a Fizikisi, 19:24
Pamenepo mwawalakwira anyamatawo, ndegeyo iliko. Dzina lake ndi X-37B, anapanga ndi a Boeing, ikuyendetsedwa ndi nthambi ya asilikali a Amereka yoona za mlengalenga, Space Force, yomwe inakhazikitsidwa mu Disembala 2019. Si yaikulu ayi. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 9, ndiye ganizani basi yaing'ono yokhala ndi timapiko. Malo onyamulira katundu ndi ngati kumbuyo kwa pikapu. Popita imakwera pamphuno pa roketi, pobwera imatera yokha pa bwalo ngati ndege wamba, popanda wogwira chiwongolero.

Inayamba kuuluka mu Epulo 2010. Ulendo wake wachisanu ndi chimodzi inanyamuka mu Meyi 2020 n'kudzatera mu Novembala 2022, masiku 908. Mwana wobadwa tsiku lomwe inanyamuka, pomwe inkatera anali akuthamanga n'kutukwana kale. Wotsatira unatenga masiku 434, ndipo wachisanu ndi chitatu unayamba mu Ogasiti 2025.

Zina amanena poyera. Pa ulendo wa masiku 908 uja inanyamula mbewu za NASA kuti aone momwe zimasinthira kumwambako, komanso kachipangizo koyesera kusandutsa mphamvu ya dzuwa kukhala mafunde otha kutumizidwa pansi. Koma katundu yense wa mu pikapumo sakuuzani.

China nayo ili ndi yake. Yoyamba inakhala masiku 2 okha mu Seputembala 2020, yachiwiri inakhala masiku 276. Iwowa ndiye ngakhale chithunzi chake satulutsa.

Wowotcherera, 19:27
Masiku 908 osathira mafuta, osaima pa mzere. Tigulitseni imeneyo.

Nachisale woyeza malo, 19:33
Chomwe chimandiseketsa ine n'choti chinsinsi chake n'cha theka. Chinthu chikakhala kumwamba chilibe pobisala, kulibe tchire. Dzuwa likachiwomba chimanyezimira ngati zija mwaona lero. Kuli anthu wamba m'mayiko osiyanasiyana, ena opuma ntchito, omwe usiku amangokhala pabwalo ndi mabainokyula ndi wotchi, n'kumalemba nthawi yomwe kadontho kadutsa pafupi ndi nyenyezi yakutiyakuti. Akaphatikiza manambala awo amapeza njira yonse. X-37B yoyamba ija anaipeza choncho patangopita masabata ochepa. Pomwe ili timadziwa. Chomwe ikuchita pamenepo ndiye nkhani.

Madala Sajeni, 19:49
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ana inu, galu wamkota sakandira pachabe. Boma silingathire ndalama zankhaninkhani mu kandege kuti kakayanike mbewu kumwamba. Ife pa ntchito yathu ija tinkaphunzitsidwa kuti chida choyamba cha msilikali ndi diso, mfuti imabwera pambuyo. Ukadziwa pomwe mdani wagona, theka la nkhondo watha nalo.

Ndipo sizinayambe lero. Aphunzitsi andithandiza zaka, koma Amereka anali ndi masetilaiti ojambula dziko la Soviet Union kalekale ife tili ana. Nthawi imeneyo kunalibe zotumiza chithunzi pa foni, kamera inali ya filimu. Filimu ikadzaza ankaiponya pansi m'kachitini ka parachuti, ndege n'kukaikola m'malere ndi ngowe, ngati mmene mphamba amawakhira mwanapiye.

Aphunzitsi a Fizikisi, 19:56
Mwalasa madala. Inkatchedwa Corona, za matenda zija ayi. Kwa anthu ankanena kuti ndi masetilaiti a sayansi otchedwa Discoverer. Maulendo 12 oyamba onse anakanika, filimu yoyamba anaiwakha mu Ogasiti 1960 pamwamba pa nyanja ya Pacific. Ntchitoyi inatha mu 1972, koma anthu anadzauzidwa mu 1995, zithunzi zoposa 800,000 zitatulutsidwa. Ofesi yomwe imayang'anira masetilaiti a ukazitape, NRO, inatsegulidwa mu 1961, koma boma linadzavomera kuti iliko mu 1992. Zaka 31 anthu akupita ku ntchito m'mawa uliwonse ku ofesi yoti kulibe.

Kabaza wa pa Nsungwi, 19:58
Amenewo akazi awo ankawauza kuti akugwira kuti? 😂

Kabaza wa pa Nsungwi, 20:01
Koma ndiye ngati amabisa chonchi, nanga zija amati namondwe Freddy anachita kupanga ndi makina otchedwa HAARP? Mwina n'zoona eti?

Mayi a Tadala, 20:04
Achimwene, ya Freddy tiyende nayo bwino. Kwathu ku Phalombe tinaika anthu.

Kabaza wa pa Nsungwi, 20:05
Pepani amayi, sindimaseka. Ndimafunadi kudziwa.

Aphunzitsi a Fizikisi, 20:17
Pepani Mayi a Tadala. Funsolo ndiliyankhabe chifukwa bodza limeneli lazungulira kwambiri. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya India masetilaiti a zanyengo akumujambula tsiku ndi tsiku, anakhala masiku 36. Mphamvu yake inkachokera ku madzi ofunda a m'nyanja. HAARP ndi munda wa milongoti ya wailesi ku Alaska wofufuzira mpweya wa kumtunda kwenikweni, kutali ndi komwe mitambo imafika. Anamanga ndi ndalama za asilikali, n'zoona, n'chifukwa chake anthu amaikayikira, koma kuyambira 2015 ili m'manja mwa yunivesite. Namondwe sangatuluke mmenemo.

Koma pali ina ya dzina lofanana, HARP ya A mmodzi, ndipo nkhani yake ndi yokoma kuposa bodza lija. Katswiri wina wa ku Canada, Gerald Bull, ankati roketi ndi yodula, bwanji osangowombera setilaiti kumwamba ndi mzinga? Pa chilumba cha Barbados analumikiza mipope ya mizinga ya sitima zankhondo n'kupanga chimzinga chachitali. Mu 1966 mzinga wina wotero ku Yuma, m'chigawo cha Arizona, unaponya chipolopolo mpaka makilomita pafupifupi 180 m'mwamba. Ndalama zitatha anayamba kugulitsa nzeru zake kwa aliyense wolipira. Anamangidwapo ku Amereka chifukwa chogulitsa zida ku South Africa ya tsankho. Pomaliza anakapezeka kwa Saddam Hussein akumanga mzinga wotchedwa Babylon, mpope wake mamita 156 kutalika, kukamwa kwake mita yathunthu. Mu Malichi 1990 anamuwombera pakhomo pa nyumba yake ku Brussels, ndipo palibe anazengedwapo mlandu. Mwezi wotsatira a kasitomu ku Britain anagwira zidutswa za mpopewo, pa mapepala atalemba kuti ndi mapaipi a fakitale ya mafuta.

Wowotcherera, 20:21
Mpope wa mamita 156! Ine geti la mamita 4 likapindika pang'ono mwini wake amandisunga theka la ndalama.

Koma aphunzitsi, makilomita 180 sikunali kufika kale? Chinavuta n'chiyani?

Aphunzitsi a Fizikisi, 20:34
Funso limenelo ndi lomwe ana a Fomu 4 amagwa nalo chaka chilichonse. Kumwamba si kutali. Anthu ambiri amawerenga kuti mlengalenga mumayambira pa makilomita 100, ndiye ngati msewu wa ku Salima mutauimika chilili, pofika pa boma mwalowa kale. Chovuta ndi kukhalako. Mwala ukauponya m'mwamba umabwerera, kaya wafika pati. Kuti chinthu chisagwe chiyenera kuthamanga cham'mbali mwa liwiro loti pomwe chikugwa, dziko nalo likupindika pansi pake, ndiye chimangogwa osafika. Liwiro lake ndi makilomita pafupifupi 7.8 pa sekondi. Kuchoka pa depoti ya Lilongwe kukafika ku Wenela masekondi 40. Kuzungulira dziko lonse ola limodzi ndi theka.

Mzinga umapereka mphamvu yonse kamodzi, pansi pomwe mpweya ndi wokhuthala, ndiye chipolopolo chimatentha n'kutaya liwiro, ndipo zipangizo za mkati zimalandira chibakera choopsa. Ngakhale chipulumuke, chimafunabe karoketi kakumtunda kokachikankha cham'mbali.

Maganizo ake sanafe. Kampani ina, SpinLaunch, inamanga ku New Mexico chinthu ngati gulaye wa Davide. Ndi chigubu chozungulira cha mamita 33 chopopedwa mpweya wonse, mkati muli mkono womwe umazungulitsa chipolopolo n'kuchitaya. Anayamba kuyesa mu 2021. Zinthu zinauluka ndithu, koma palibe chomwe chinakafika pozungulira dziko.

A Dikoni, 20:36
Davide anali ndi Mulungu, n'chifukwa chake mwala umodzi unakwana.

Achimwene a ku Joni, 20:52
Moni aneba, ndangoweruka, ndapeza mauthenga 60. Mwatchula South Africa ndiye ndilowepo. Kuno anthu ambiri, eni dziko omwe, sadziwa kuti boma la azungu lija linali ndi roketi yakeyake. Inkatchedwa RSA-3, ankayesera ku Overberg, kugombe kummawa kwa Cape Town, cha m'ma 1989. Poyera ankati ndi yonyamula setilaiti, koma roketi yonyamula setilaiti ndi yonyamula bomba ndi mwana ndi mayi ake. Ndipo mabomba anali nawo. Pulezidenti De Klerk anaulula mu Malichi 1993 kuti anapanga 6 a nyukiliya ndipo anawaphwasula. Ntchito ya roketiyo nayo inathera momwemo.

Palinso ija ya pa 22 Seputembala 1979. Setilaiti ya Amereka yotchedwa Vela, yomwe ntchito yake inali kulondera ngati wina akuphulitsa nyukiliya mobisa, inaona kung'anima kawiri kunyanja kummwera kwa kuno, cha ku zilumba za Prince Edward. Kung'anima kawiri motero ndi chidindo cha bomba la nyukiliya. Ambiri amaloza Israel ndi South Africa. Palibe boma linavomera mpaka lero.

Madala Sajeni, 20:58
Zaka zimenezo abale athu anali akungobwera kumene ku Wenela ya migodi ija, wailesi pa phewa. Ankakumba pansi, mabwana awo akuyang'ana kumwamba.

Aphunzitsi a Fizikisi, 21:09
Ina ili pafupi kuposa pamenepo madala. Ku Zaire, yomwe lero ndi DRC, m'chigawo cha Shaba chomwe chinadzatchedwa Katanga, Pulezidenti Mobutu anabwereketsa dera la masikweya kilomita pafupifupi 100,000 kwa kampani ya ku Germany yotchedwa OTRAG. Malawi yense ndi nyanja yomwe ndi 118,000 n'kanthu, ndiye onani kukula kwake. Mwini wake, Lutz Kayser, ankafuna roketi ya anthu osauka: mapaipi wamba achitsulo omangidwa pamodzi ngati mtolo wa nzimbe, mafuta ake parafini ndi asidi, ndipo mavavu ake ankatsegulidwa ndi timamota ta mawaipa a galimoto. Yoyamba inauluka mu Meyi 1977. Mu Juni 1978 Mobutu anabwera yekha kudzaonerera, roketi n'kukhota pamaso pake kukadzimenyetsa pansi. Soviet Union ndi mayiko oyandikana nawo ankati amenewa akuphika mizinga, phokoso linakula, mu 1979 anawathamangitsa. Anasamukira ku Libya kwa Gaddafi.

Wowotcherera, 21:11
Mapaipi ndi mota ya waipa?? Zimenezo pa msika wa Lilongwe ndipeza zonse m'mawa umodzi. Adimini tsegulani thumba la roketi.

Achimwene a ku Joni, 21:15
Mwachedwa akulu, a ku Zambia anakutsogolerani mu 1964. Mphunzitsi wina, Edward Mukuka Nkoloso, ankaphunzitsa achinyamata zopita ku mwezi powalowetsa mu mgolo n'kuwagubuduza pa chitunda. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO. Azungu anaseka mpaka misozi.

Madala Sajeni, 21:18
Ankaseka, koma munthu ameneyo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso anavutikira ufulu wa dziko lake. Ine sindimuseka. Amene anagubuduza mgolo sanaphe munthu.

Nachisale woyeza malo, 21:37
Ndiloleni ndiwononge chisangalalo pang'ono. Tikuseka ngati ndi mpira wa ku Ulaya woti ukatha timazimitsa TV n'kukagona. Ine ntchito yanga yonse ili pa masetilaiti. Ndikaimika chipangizo pa bikoni ya puloti ku 49 kapena ku Chitedze, manambala omwe ndimalemba amachokera ku GPS, ndipo GPS ndi ya asilikali a Amereka, Space Force yomweyo. Isanafike Meyi 2000 ankaisokoneza dala kwa anthu wamba, inkaphonya mpaka mamita 100. Pa mapuloti a kuno mamita 100 ndiye kuti nyumba yanu mwaimanga kwa aneba achinayi. Anasiya chifukwa anafuna okha. N'chifukwa chake Russia inapanga GLONASS, Ulaya Galileo, China BeiDou. Aliyense anakana kupempha moto kwa mnzake.

Tsono onani zomwe akhala akuchita. Mu Januwale 2007 China inawombera setilaiti yake yakale ya zanyengo pa makilomita oposa 800. Zidutswa zotha kulondoleka zinaposa 3,000, ndipo zambiri zikadali komweko chifukwa pamtunda umenewo kulibe mpweya wozikokera pansi msanga. Amereka anawombera yawo mu 2008 ndi mzinga wochokera pa sitima ya pamadzi. India mu Malichi 2019. Russia mu Novembala 2021 inaswa yake, zidutswa zoposa 1,500, mpaka anthu 7 a mu siteshoni ya mlengalenga ya International Space Station anathawira m'zombo zawo zobwerera, a ku Russia eni ake ali momwemo.

Kumbukirani liwiro lomwe anena aphunzitsi. Kabawuti kothamanga makilomita 7 pa sekondi sikafunsa kuti setilaiti iyi ndi ya nkhondo kapena ndi ija imauza a zanyengo kuti namondwe walowera ku Nsanje. Ndipo chikaswa china, zidutswa zimaswanso zina.

Madala Sajeni, 21:49
Mwana wanga, wayankhula bwino, koma uli ndi mtima wa munthu wamba. Dziko lomwe lili ndi adani silingasiye diso la mdani likulendewera pamutu pake popanda ndodo yolithudzulira. Amawombera zawo zomwe kuti mnzawo aone kuti ndodo ilipo. Chodabwitsa n'choti mantha amenewo ndi omwe asunga mtendere. Zaka zonsezi palibe anawomberapo setilaiti ya mnzake.

Nachisale woyeza malo, 21:55
Ndi mzinga ayi madala, koma nkhondo inafika kale kumeneko. Pa 24 Febuluwale 2022, m'mawa womwe Russia inalowa mu Ukraine, akatswiri a makompyuta anathyola netiweki ya setilaiti ya Viasat n'kupha mamodemu zikwizikwi. Cholinga chinali Ukraine, koma ku Germany makina 5,800 opanga magetsi ndi mphepo anaduka kulumikizana ndi eni ake. Germany inali pa nkhondo ndi ndani? Ndiye ife a ku Nsungwi tidzadandaula kwa yani?

Madala Sajeni, 22:01
Kwa yemwe timadandaulira mafuta akakwera chifukwa cha nkhondo ya kutali. Palibe. Sindikuti n'zabwino mwana wanga, ndikuti ndi mmene zilili.

Nachisale woyeza malo, 22:02
Ndiye tizingoombera m'manja?

Madala Sajeni, 22:04
Ayi. Uziphunzira kuyeza ndi tepi ndi kampasi, tsiku lina zidzakuthandiza.

Nachisale woyeza malo, 22:05
Tepi ndili nayo madala, imakhala m'chikwama. Koma tepi siiona namondwe ali ku Madagascar.

A Dikoni, 22:07
Kodi lamulo kulibe kumeneko? Anthu angomwaza zinyalala pakhomo pa Mulungu?

Aphunzitsi a Fizikisi, 22:22
Lilipo a Dikoni, pangano la mu 1967. Limaletsa kuika zida za nyukiliya ndi zina zopha anthu ochuluka m'njira zozungulira dziko, komanso kumanga malo a asilikali pa mwezi. Za mfuti wamba ndi mizinga wamba m'njira zozungulira dzikozo silinenapo kanthu. A Soviet anapezerapo mpata, anamangirira mfuti ya ndege yankhondo pa siteshoni yawo ya ukazitape yomwe poyera ankaitcha Salyut 3, ndipo mu Januwale 1975 anaiwombadi, anthu atatsikamo kale. Inali yosatembenuka, kuti uloze chinthu umayenera kutembenuza siteshoni yonse. Zili ngati kukhomera legeni pa khoma, mbalame ikatera kwina muzinyamula nyumba.

Chomwe chinawaopsa mpaka kusaina n'zomwe anaona okha. Pa 9 Julayi 1962 Amereka anaphulitsa bomba la nyukiliya makilomita 400 pamwamba pa Pacific, analitcha Starfish Prime. Ku Hawaii, makilomita oposa 1,000 kuchokera pamenepo, nyali za mumsewu pafupifupi 300 zinazima. Poizoni wake anatsala akuzungulira dziko n'kumapha masetilaiti amodzi amodzi kwa miyezi, kuphatikizapo Telstar, yoyamba kuwolotsa zithunzi za TV pa nyanja ya Atlantic. Nthawi imeneyo masetilaiti anali owerengeka pa zala ndi zakumapazi. Lero ali zikwi. N'chifukwa chake kunali phokoso mu 2024 Amereka atanena kuti Russia ikukonza chida cha nyukiliya cha kumwamba. Russia inakana, ndipo mu Epulo chaka chomwecho inatsekereza chigamulo cha nkhaniyi ku Security Council ya United Nations.

Kabaza wa pa Nsungwi, 22:24
Nyali 300 kuzima ku Hawaii mpaka kulowa m'mabuku. Kuno tazimitsidwa kuyambira 2 koloko popanda bomba.

Mayi a Tadala, 22:31
Ine zonsezi ndamva, koma funso langa ndi la kumudzi. Zimenezi sizingatigwere padenga? Malata anga ndi a ngongole.

Achimwene a ku Joni, 22:38
Zimagwa amayi. Pa 30 Disembala 2024 chimkombero chachitsulo cha makilogalamu pafupifupi 500, mamita 2.5 m'mimba mwake, chinagwera m'mudzi wa Mukuku ku Makueni, ku Kenya. A bungwe la zamlengalenga la kumeneko anati n'cha roketi. Mwamwayi sichinaphe munthu.

Aphunzitsi a Fizikisi, 22:46
Zambiri zimapsa zisanafike pansi, ndipo zotsala nthawi zambiri zimagwera m'nyanja poti madzi ndi omwe achuluka pa dziko. Mwayi woti chisankhe denga lanu ndi wochepa kuposa wa mphenzi, gonani Mayi a Tadala. Chikagwa, pangano la mu 1972 limati dziko lomwe linachiponya lilipire. Linagwirapo ntchito: mu Januwale 1978 setilaiti ya ukazitape ya Soviet, Kosmos 954, yokhala ndi ng'anjo ya nyukiliya mkati, inamwazikira kumpoto kwa Canada, ndipo a Soviet anapereka madola a ku Canada 3 miliyoni. Koma wodandaula amakhala boma, si mwini malata.

Chimodzi chokha: mukadzapeza chitsulo chachilendo chakupsa m'munda, musachigwire, musachitengere kunyumba. Matanki ena amakhala ndi mafuta a poizoni otchedwa hydrazine. Uzani apolisi.

Wowotcherera, 22:48
Makilogalamu 500 a chitsulo, apolisi adzapeza dzenje lokha. Anyamata a sikirapu safuna pangano la 1972.

Adimini, 22:50
Akulu inu ndi amene tikukuyang'anani. Chikagwa ku 25 tiyambira kusecha ku shedi kwanu.

Aneba, gulu lino tinalitsegulira za chitetezo. Mwakamba za mwezi, za Mobutu, za mgolo, koma ya alonda mwezi uno apereka ndi mabanja 11 okha. Setilaiti siidzagwira wakuba nkhuku.

Nachisale woyeza malo, 22:53
Yanga ndatumiza pa foni pompano. Aphunzitsi, ndaona pa apu yolondola masetilaiti kuti mzere uja udutsanso mawa chakumadzulo, koma utatalikirana pang'ono. Tikumane pa bwalo la mpira ana akaone bwino?

Aphunzitsi a Fizikisi, 22:55
Tikumane 18:15. Ndibwera ndi mabainokyula a kusukulu. Madala Sajeni mubwere, mudzatiphunzitse kupeza kummwera ndi nyenyezi, poti mwati tizikonzekera.

Madala Sajeni, 22:57
Ndibwera ndi mpando wanga. Mawondo anapuma ntchito ine ndisanapume.

LACHITATU MADZULO

Nachisale woyeza malo, 18:22
Tafika pa bwalo, tilipo 14 ndi ana. Koma kumwamba kwada bii mbali ya ku Dowa.

Mayi a Tadala, 18:29
Chizimalupsa chimenecho, ndamva fungo la dothi. Tadala wakana kuchoka, wanyamula botolo la pulasitiki alimata mapiko a katoni, akuti ndi X-37B. Akufunsa ngati Madala Sajeni angamuwakhe ndi ngowe.

Aphunzitsi a Fizikisi, 18:40
Zadutsa mphindi ziwiri zapitazo, kuseri kwa mtambowo. Palibe waona kanthu. Thawani, yayamba kudontha.

Kabaza wa pa Nsungwi, 18:52
Ndabisala pa khonde la golosale. Kasitomala wadzulo uja wandipeza, wandipatsa ndalama yanga. Akuti ana anawatsekera mpaka m'mawa, wina anakodzera pamphasa. Ndamuuza kuti zinali za intaneti, akuti ndiye bwanji foni yake sinagwire netiweki.

Adimini, 18:55
Mabanja 13. Atsala 9.